Kwa achemwali opita ku Copenhagen: tsiku limodzi likwana, bola nsapato

Achemwali, mwati mukupita ku msonkhano ku Copenhagen, likulu la Denmark, muli ndi tsiku limodzi lokha lopuma, ndalama si zambiri, ndipo mukufunsa ngati n'zotheka kuona malo achifumu wapansi popanda kulipira basi ya alendo ija. N'zotheka ndithu. Ine ndinakhalako miyezi ingapo pa maphunziro, ndipo njira imeneyi ndayendapo kangapo. Pakati pa mzindawu n'pang'ono, palibe chitunda, ndipo mukazungulira monse m'mene ndinenemu muyenda makilomita pafupifupi 10. Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi timiyala timene anayala m'misewu yakale, choncho nsapato za gogoda zija muzisiye ku hotela.

Tsiku lanu lonse mulimangirire pa 11:30 m'mawa. Nthawi imeneyo asilikali olondera mfumu amanyamuka pa kampu yawo pafupi ndi nyumba yachifumu yakale ya Rosenborg n'kuguba kudutsa m'tauni, kukasinthana ndi anzawo ku Amalienborg, komwe mfumu imakhala, pa 12 koloko. Amachita izi tsiku lililonse ndipo kuonera n'kwaulere. Ndiye muyambire ku Rosenborg cha m'ma 10, kuti pomwe iwo akutuluka inu mukhale mutamaliza zam'kati, basi n'kungowatsata pambuyo. Asilikaliwo ndi amene akulondolereni njira, simufunikanso mapu.

Ngati mungalipire tikiti imodzi yokha, ikhale ya Rosenborg. Nyumbayi anamangitsa ndi Mfumu Christian IV kuyambira 1606, poyamba ngati kopumulirako nthawi yotentha, ndipo anamwalirira momwemo mu 1648 atakhala pampando zaka 60. Bamboyu ankakonda kumanga, ndipo mukaphunzira chizindikiro chake, chilembo C chokhala ndi 4 m'kati, muyamba kuchiona pazipupa m'tauni monse ngati mwana amene wangodziwa kumene kulemba dzina lake. M'chipinda china asunga zovala zake zothimbirira ndi magazi zimene anavala pa nkhondo ya panyanja yolimbana ndi Sweden mu 1644, pomwe anavulala mpaka diso limodzi linasiya kuona. M'chipinda chapamwamba muli mpando wachifumu wopangidwa ndi mano aatali a chinsomba chotchedwa narwhal, ndipo ukulonderedwa ndi mikango itatu yasiliva, yaikulu ngati mikango yeniyeni. Zisoti zachifumu zili m'chipinda chapansi, kuseri kwa zitseko zochindikala.

Pa zisotizi pali chinthu chimene ambiri sadziwa: mfumu ya ku Denmark sivala chisoti. Mwambo wodzoza mfumu unachitika komaliza mu 1840, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1849 atachotsa mphamvu zambiri m'manja mwa mfumu, mwambowo unathera pomwepo. Masiku ano chisoti chimatuluka mfumu ikamwalira, amakachiika pamwamba pa bokosi. Ine nditamva zimenezi ndinabwereranso kukachiyang'ana kachiwiri.

Kunja kwa nyumbayi kuli munda wa Kongens Have, kulowa n'kwaulere. Ngati mwatenga kamba, mpamene mungadyere. Ndipo kamba mutengedi. Ndalama yawo ndi krone, osati euro, ndipo chakudya cha m'malesitilanti chimaluma m'thumba. Gulani buledi ndi zipatso m'supamaketi, madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Mukafika ku Amalienborg musayembekezere mpanda wautali ndi chipata chachitsulo. Ndi nyumba zinayi zofanana zoyang'anizana, pakati pali bwalo la ngodya zisanu ndi zitatu, ndipo anthu amangodutsapo, ena pa njinga akupita ku ntchito. Nyumbazi anamanga m'ma 1750, eni ake anali mabanja anayi olemera, ndipo banja lachifumu linasamukirako mu 1794 nyumba yawo ya Christiansborg itapsa. Anabwera ngati ongobisala mvula, mpaka lero adakali pompo. Mfumu Frederik X ndi mkazi wake Mary, amene kwawo ndi ku Tasmania ku Australia, amakhala mu imodzi mwa nyumbazo. Yang'anani padenga: mbendera ikakhala m'mwamba ndiye kuti eni ake alipo. Mfumu ikakhalapo asilikali amabwera ambiri ndiponso ndi bandi, koma nthawi yotentha banjali limakonda kukhala kwina, ndiye mwambo umakhala wachidule. Asilikaliwo, ndi zipewa zawo zazitali za ubweya wa chimbalangondo, si zidole ayi. Mukawayandikira kwambiri kapena kukhala pamasitepe amakukuwirani, ndipo manyazi ake simungawaiwale.

Mukaima pafupi ndi chiboliboli cha Frederik V ali pa kavalo pakati pa bwalolo, mbali ina muona denga lobulungira la tchalitchi cha Marmorkirken. Lowanimo, n'kwaulere, mupumitseko miyendo. Mwala woyamba anaika mu 1749, ndalama zinawathera, chinakhala chigumula zaka zoposa 100, n'kudzamalizidwa mu 1894. Ndiye tikamaona matchalitchi athu atakhala pa lintala zaka khumi tisamataye mtima msanga.

Tsopano za chiboliboli cha mtsikana wa mchira wa nsomba, Den lille Havfrue, chimene aliyense adzakufunsani mukabwerako. Kunena zoona, n'kachinthu kakang'ono, mita imodzi ndi kakota, kakhala pamwala m'mphepete mwa madzi kuyambira 1913, ndipo anthu amakhala ataunjikana ngati pogawa makuponi. Ambiri amafika n'kufunsa kuti, kodi n'komweka? Komabe ulendo wake ndi wabwino chifukwa mumadutsa pa kasupe wa Gefion ndi linga la Kastellet, lomangidwa ngati nyenyezi, lomwe mutha kuyenda pamwamba pa zitunda zake. Miyendo ikakana, gawo limeneli ndi loyamba kulidumpha.

Pobwerera tsatani doko. Pali nyumba zakale zazitali za njerwa zosungiramo katundu, ndipo imodzi imatchedwa Vestindisk Pakhus, momwe ankasungira katundu wochokera ku zilumba za ku Caribbean. Apa ine ndimaima kaye. Denmark inali ndi malinga ku gombe la dziko limene lero ndi Ghana, ndipo inkanyamula akapolo kupita nawo ku zilumba za St. Thomas, St. John ndi St. Croix kukalima nzimbe. Linga lawo lalikulu ku Accra, lomwe lero limadziwika kuti Osu Castle, ankalitcha Christiansborg, dzina lomwelo la nyumba imene mukaione madzulo. Malingawo anagulitsa kwa Angerezi mu 1850, zilumbazo kwa Amereka mu 1917. Nyumba zokongola za m'dera limeneli, zina mwa izo ndalama yake inachokera ku shuga ameneyo. Otsogolera alendo ena amaitchula nkhaniyi, ena amangoilambalala.

Kenako mufika ku Nyhavn, pa nyumba za mitundumitundu zimene zili pa chithunzi chilichonse cha mzindawu. Ngalandeyi anakumba m'ma 1670, kale kunali kwa amalinyero ndi mowa. Jambulani, koma musadyerepo.

Kuchokera pamenepo dutsani pa Kongens Nytorv kulunjika ku Christiansborg, pa kachilumba ka Slotsholmen. Apa mpamene mzindawu unayambira, pomwe Bishopu Absalon anamanga linga mu 1167, ndipo zotsalira zake zikadalipo pansi pa nyumbayi. Nyumba imene muione ndi yachitatu ya dzinali: yoyamba inapsa mu 1794, yachiwiri mu 1884, iyi inatha mu 1928. Pansi pa denga limodzi pali nyumba ya malamulo ya Folketinget ya aphungu 179, ofesi ya nduna yaikulu, khothi lalikulu, komanso zipinda zimene mfumu imalandiriramo alendo a boma. Khonde lam'mwamba loyang'ana kubwalo ndi pomwe nduna yaikulu Mette Frederiksen inalengeza Frederik X kukhala mfumu pa 14 Januwale 2024, mayi ake Margrethe II atatula pansi udindo patatha zaka 52. Nsanja ya nyumbayi ndi yotalika mamita 106, kukwera n'kwaulere ndipo kuli chikepe, mungopirira mzere ndi kusechedwa pakhomo. Lolemba amatseka, ndipo m'miyezi yozizira malo ena ambiri amatsekanso tsiku lomweli, choncho ngati tsiku lanu lopuma ndi Lolemba yambani mwaona pa intaneti.

Pafupi pomwepo pali Børsen, nyumba ina ya Christian IV, imene nsonga yake inali michira ya zinjoka zinayi yopotana. Inapsa pa 16 Epulo 2024 ali mkati moikonza, ndiye muona ntchito yomanganso m'malo mwa chimene chili pa zithunzi zakale. Moto ndi mzinda umenewu sanayambe lero kudana.

Mphamvu zikatsalako, malizirani ku Rundetaarn, nsanja yozungulira ya 1642 imene ankaonerapo nyenyezi. M'malo mwa masitepe ili ndi njira yotakata yokhotakhota yokwera pang'onopang'ono, ndipo Peter the Great wa ku Russia anakwera pa kavalo mu 1716. Pali kamtengo kolowera koma si kambiri. Potsika mulowe mu Strøget, msewu wa oyenda pansi okhaokha kuyambira 1962, ukakutulani pa bwalo la Rådhuspladsen pafupi ndi paki ya zosangalatsa ya Tivoli ndi siteshoni yaikulu ya sitima.

Simunanene mwezi umene mukupita. Ngati ndi Juni, dzuwa limalowa cha m'ma 10 usiku, muyenda mosathamanga. Ngati ndi Disembala, pofika 4 koloko madzulo kwada kale, ndipo mphepo ya padoko siingafanane ndi ya ku Dedza mu Julaye, ndiye mudumphe Kastellet n'kuthamangira ku nsanja kusanade. Chomaliza, pakati pa msewu wa magalimoto ndi poyenda anthu pamakhala kamsewu ka njinga. Musaimemo pojambula, ndipo powoloka muyang'ane kumanzere kaye, chifukwa kumeneko amayendetsa mbali ya kumanja. Ine sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kugundidwa ndi agogo ena amene ananyamula zidzukulu ziwiri m'bokosi la kutsogolo kwa njinga.