Malume, za mawu aja a Reagan a mu 1964

Malume, moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi onse kunyumbako. Voisi yanu ndinaimva usiku ndili ku ntchito, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi, chifukwa funso lanu si loyankha choimirira. Mwafunsa za kavidiyo kakale kaja mwakaona pa Facebook, ka Ronald Reagan akuyankhula, ndipo mukudabwa kuti anthu akuti ndale za chipani cha Republican cha ku America za masiku ano zinabadwira pamenepo, chonsecho munthu amene ankamuchitira kampeniyo analuza. Mukuti mawu oti sanawinitse munthu angasinthe bwanji dziko. Voisi iyi italikirapo ndithu, ndiye ngati bandulo yachepa mudzaimvera madzulo.

Anayankhula pa 27 Okutobala 1964. Kwathuko tinali titangolandira ufulu mu Julaye, Zambia inali ndi masiku atatu okha chidziimire payokha. Kuno ku America kunali kutatsala sabata imodzi kuti anthu avote posankha pulezidenti, pa 3 Novembala. Opikisana anali Lyndon Johnson wa Democrat, uja analowa m'malo mwa Kennedy ataphedwa, ndi Barry Goldwater wa Republican, seneta wa ku Arizona. Reagan sankaima nawo ayi. Anali munthu wa mafilimu wa zaka 53, woti anali asanagwirepo udindo uliwonse wa boma wochita kuvoteredwa.

Goldwater ndiye anali ndi mfundo za anthu amene kuno amawatchula kuti ma conservative, zoti boma lichepetse kulowerera m'moyo wa anthu, misonkho itsike, ndipo chikomyunizimu asachinyengerere. Koma Malume, bamboyo anali wouma pakamwa. Pa msonkhano waukulu wa chipani ku San Francisco ananena poyera kuti kuchita monyanyira poteteza ufulu si kulakwa. A Democrat anangotola mawu ngati amenewo. Anaulutsa uthenga pa TV wa kamtsikana kakuthothola duwa, kakuwerenga, kenako bomba la nyukiliya n'kuphulika. Anthu anachita mantha kuti akamuvotera awatengera ku nkhondo. Pofika Okutobala aliyense ankadziwa kuti zake zada.

Ndiye Reagan. Iyeyu anakulira m'banja losauka ku Illinois, anayamba ndi kuulutsa masewero pa wailesi, kenako Hollywood, mpaka anakhala mtsogoleri wa bungwe la anthu a mafilimu. Ndipo anali wa Democrat weniweni, Franklin Roosevelt, pulezidenti wa Democrat amene anayambitsa mapulogalamu a boma othandiza osauka, anamuvotera kanayi konse. Chimene chinamutembenuza kwambiri ndi ntchito ya ku kampani ya General Electric, kuyambira 1954 mpaka 1962. Ankatsogolera pulogalamu yawo ya pa TV, komanso ankayendera mafakitale awo m'dziko lonse kuyankhula ndi antchito. Zaka zisanu ndi zitatu akunena nkhani imodzimodzi ya misonkho ndi kukula kwa boma, lero kwa amakaniko, mawa kwa mabwana. Inu ngati mkulu wa mpingo mukudziwa mmene amakhalira mlaliki amene ulaliki umodzi wauyenda nawo midzi yambiri. Amadziwa pamene anthu aseke, pamene akhale chete, mawu amene sakugwira amawataya. Pofika 1964 sipichi ija inali itapsa kale. Anangoikamo dzina la Goldwater.

Anthu a bizinesi a ku California ndiwo anasonkha ndalama kuti iulutsidwe pa TV ya NBC, dziko lonse, pafupifupi theka la ola. Alangizi ena a Goldwater anafuna kuiletsa, poopa kuti ikukhudza Social Security, ndalama zija boma limapereka kwa okalamba, nkhani imene inali itamupweteka kale Goldwater. Koma inaulutsidwa. Dzina limene inatchuka nalo ndi A Time for Choosing, kunena kuti nthawi yosankha yakwana.

Mukaimvera bwino, chiyambi chake chenichenicho ndi nyambo. Akuti moyo wanga wonse pafupifupi ndakhala wa Democrat, posachedwapa ndaona kuti nditsate njira ina. Mwaona? Sakuyankhula ndi a Republican okha. Akuuza munthu wa pafakitale amene makolo ake anapulumuka ndi Roosevelt kuti ukhoza kuwoloka, si chiwembu, ineyo ndawoloka. Kenako manambala. Akuti pa dola iliyonse imene munthu wapeza, masenti 37 ndi a wamsonkho. Akuti boma likuwononga madola 17 miliyoni tsiku lililonse kuposa amene likutolera. Akuti ku unduna wa zaulimi kuli wantchito mmodzi pa mafamu 30 aliwonse. Manambala asanakutopetse, wakupatsa kankhani. Kamene kamandikhudza ine ndi ka munthu wothawa ku Cuba. Akufotokoza mavuto ake kwa anthu awiri a ku America, mmodzi n'kuuza mnzake kuti ife sitidziwa mwayi umene tili nawo. Wa ku Cuba uja akuti, mwayi inu? Wamwayi ndine, ndinali ndi kothawira. Reagan n'kunena kuti ufulu ukatayika kuno, kulibenso kwina kothawira. Anatinso ofesi ya boma ikangotsegulidwa siifa, ndicho chinthu chofanana kwambiri ndi moyo wosatha chimene tingachione pansi pano. Anthu anaseka, ndipo mawu amenewo akunenedwabe mpaka lero.

Koma mtima wa sipichi yonse uli pamene anati nkhani si ya kumanja kapena kumanzere, ndi ya kukwera kapena kutsika. Kukwera ndi ufulu wa munthu payekha, kutsika ndi ulamuliro wopondereza. Apa ndi pamene anamanga mtolo umodzi zinthu zimene kale zinali zosiyana. Wabizinesi wodandaula msonkho, munthu woopa Soviet Union, mkhristu woona kuti dziko likutaya makhalidwe, onse anawauza kuti mdani wanu ndi mmodzi, boma lokula mopitirira, kaya lili ku Moscow kaya ku Washington. Anatchula Mose ndi ana a Israeli, anatchula mtanda wa Khristu. Pomaliza anabwereka mawu a Roosevelt yemweyo, a mu 1936, oti inu ndi ine tili ndi pangano lokumana ndi tsogolo lathu. Kutenga mawu a mwini nyumba n'kugwetsera nyumba yake yomwe. Ndalama zinayamba kulowa usiku womwewo, anthu wamba kutumiza macheke ang'onoang'ono, mpaka kufika cha m'ma miliyoni imodzi.

Chisankho chinabwera, Goldwater anagwa chagada. Johnson anatenga mavoti 61 pa 100 aliwonse. Goldwater anawina zigawo 6 zokha mwa 50. Manyuzipepala ankalemba ngati maliro a ma conservative. Koma anthu a ndalama aja, wina wogulitsa magalimoto dzina lake Holmes Tuttle ndi anzake, anaona china. Anaona kuti katundu si woipa, wogulitsa ndiye ankaopseza makasitomala. Anapita kwa Reagan kuti aime ngati bwanamkubwa wa California. Mu 1966 anagonjetsa Pat Brown ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Analamulira zaka zisanu ndi zitatu. Mu 1976 anatsala pang'ono kulanda mpando wa chipani kwa Gerald Ford, amene anali pulezidenti. Mu 1980 anagonjetsa Jimmy Carter n'kukhala pulezidenti, zigawo 44. Mu 1984 zigawo 49. Zaka 16 kuchokera usiku uja, ndipo mukamvera zimene ananena polumbira mu Januwale 1981, zoti pa mavuto amene tili nawowa boma si yankho, boma ndilo vuto, ndi sipichi yomwe ija, angoifupikitsa.

Ndiye yankho langa pa funso lanu, Malume, ndi lakuti mawu aja sanasinthe mavoti a sabata imeneyo, anasintha amene ayenera kudziteteza pa mlandu. Kuyambira nthawi ya Roosevelt, munthu wokana thandizo la boma ndiye ankafunsidwa kuti bwanji ulibe chifundo. Reagan atatha nazo, wofuna pulogalamu yatsopano ya boma ndiye ankafunsidwa kuti ndalama uzitenga m'thumba mwa ndani. Umboni wake ndi woti ngakhale a Democrat anayamba kuimba nyimbo yomweyo. Bill Clinton mu 1996 anaima pamaso pa aphungu n'kunena kuti nthawi ya boma lalikulu yatha. Msonkho wa anthu opeza kwambiri unali 70 pa 100 pamene Reagan ankalowa, pochoka unali 28, ndipo sunabwererenso kufupi ndi kumene unali.

Tsono pali zimene zimandiwawa, ndipo sindingakubisireni. Chaka chimenecho cha 1964 ndi chimene lamulo la Civil Rights Act linasainidwa, lothetsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi pa ntchito. Goldwater anavota kulikana. Reagan nayenso sankaligwirizana nalo. Chilimwe chomwecho anyamata atatu olembetsa anthu akuda kuti azivota anaphedwa ku Mississippi. Ndiye munthu akuyankhula za ufulu theka la ola, akutchula Cuba, akutchula Mose, koma anthu akuda a m'dziko lake lomwe, amene ankamenyedwa chifukwa chofuna kuvota, osawatchula. Kwa iwo boma la ku Washington limene iye ankalinenalo ndilo linali kothawira kwawo. Ndipo taonani zigawo zimene Goldwater anawina. Kupatula kwawo ku Arizona, zinali Louisiana, Mississippi, Alabama, Georgia ndi South Carolina, kummwera kwenikweni kumene tsankho linali lamulo. Georgia inali isanavoterepo wa Republican chiyambire. Ku Mississippi anapeza mavoti 87 pa 100, akuda ambiri ataletsedwa kuvota. Mapu a ndale a masiku ano, oti kummwera ndi kwa Republican, anayamba kuonekera pamenepo. Mu 1980 Reagan anapita ku Neshoba, dera lomwelo la ku Mississippi limene anyamata aja anaphedwera, n'kukanena kuti amakhulupirira ufulu wa zigawo kudzilamulira. Omuteteza amati ankanena za chuma ndi maphunziro. Ine ndimati munthu wodziwa kusankha mawu ngati ameneyo ankadziwa mmene amvekere pamalo amenewo.

Mulinso kankhani kena mu sipichi ija. Akuti woweruza wina ku Los Angeles anamuuza za mayi wa ana asanu ndi mmodzi, woyembekezera wachisanu ndi chiwiri, amene ankafuna ukwati uthe chifukwa mwamuna wake ankalandira madola 250 pamwezi, pamene boma likanamupatsa 330. Kankhani kamodzi, kopanda dzina, koma kanaphunzitsa andale njira yoti ukafuna kudula thandizo la osauka, peza wosauka mmodzi wokayikitsa umuike patsogolo. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndimaona anthu amene popanda Social Security ndi Medicare, thandizo la boma la kuchipatala kwa okalamba, sakanadya kapena kuona dokotala. Ndikamva kankhani kameneko mtima suukhala m'malo.

Chinanso choti mudziwe, Reagan wolamulira anali wofewa kuposa Reagan woyankhula. Ku California chaka chake choyamba anakweza misonkho. Social Security imene ankaikayikira ija, mu 1983 anagwirizana ndi a Democrat kuipulumutsa. Ngongole ya boma imene ankaidandaula inakwera pafupifupi katatu m'zaka zake, chifukwa anatsitsa misonkho uku akuthira ndalama ku zida zankhondo. Mu 1986 anasaina lamulo limene linapatsa mapepala anthu oposa mamiliyoni awiri ndi theka amene ankakhala kuno popanda chilolezo. Omutsatira ambiri anasunga sipichi, kugwirizana kuja anakusiya.

Mphepo imeneyi inafika ndi kwathu, ngakhale sindinganene kuti inachokera pa sipichi imodzi. Margaret Thatcher anakhala nduna yaikulu ku Britain mu 1979, Reagan 1981, ndipo maganizo oti boma lichoke pamsika anakhala chiphunzitso ku World Bank ndi IMF. Malawi inatenga ngongole yoyamba yosinthira kayendetsedwe ka chuma mu 1981, ndipo mu 1987 mavenda analoledwa kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono pambali pa ADMARC. Inu munaziona ndi maso, misika ina ya kumudzi itayamba kutsekedwa, ndipo mukudziwa bwino kuposa ine amene anapindula ndi amene analira. Komanso mu 1986 aphungu a kuno atakhazikitsa zilango pa boma la tsankho la South Africa, Reagan anakana kusaina. Aphunguwo, kuphatikizapo ambiri a chipani chake, anavotanso n'kumugonjetsa.

Za lero, amene akutumiza kavidiyoko akunena zoona theka. Kukayikira boma, kudana ndi akuluakulu a ku Washington amene amadziona anzeru, kutsitsa misonkho, zonsezo zilipo ndipo Trump anazitenga. Ngakhale mawu oti America ikhalenso yaikulu anali pa kampeni ya Reagan mu 1980. Koma Reagan ankakonda malonda omasuka pakati pa mayiko, Trump amakonda misonkho ya pamalire. Reagan ankayankhula za obwera ngati dalitso, chipani cha lero chimayankhula za mpanda. Pano a Republican amakangana okhaokha, ena akuti tibwerere kwa Reagan, ena akuti nthawi yake inapita.

Kavidiyo mwaonako ndi ka mphindi ziwiri zomaliza zokha, ndiko kamayenda kwambiri. Ndikutumizirani yonse Loweruka ndikakhala pa intaneti yabwino, Chingerezi chake n'chomveka, sathamanga kwambiri. Mukamvere makamaka pamene akunena za alimi, chifukwa ndikufuna mundiuze ngati zikufanana ndi mikangano ya makuponi a fetereza kwathuko. Mupereke moni kwa agogo, muwauze kuti mankhwala aja ndatumiza kale ndi amene akubwera mwezi wamawa.