Mabungwe achuluka, nanga wolamula ndani?

Bambo wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, wandilembera kufunsa mmene komiti ya kutchalitchi kwawo ingagwirire ntchito ndi khonsolo, achipatala ndi mabungwe kolera akadzabukanso, poti aliyense amafika ndi zakezake. Bambo, funso lanuli landiwutsira zakale.

Mu 2008 ndinkakhala ku Budiriro, mu Harare momwemo, kumene mliriwo unaluma kwambiri. Pofika mu 2009, m'Zimbabwe muno anthu oposa 98,000 anali atadwala, oposa 4,000 atamwalira. Mipopi inali gwa, zonyansa za m'zimbudzi zikuyenderera mumsewu, ana akuchita kudumpha. Thandizo linabwera ndithu, sindikana. Koma m'mawa kunkafika anthu a bungwe lina, kulemba mayina, kutipatsa ndowa. Masana ena atulukira, zovala zosiyana, mayina omwewo, ndowanso. Azakhali anga anaunjika ndowa pakhonde ngati akugulitsa, koma mankhwala othira m'madzi analibe. Mjigo wa kuseri kwathu unangokhala chiwonongekere, aliyense akuti ndi ntchito ya mnzake.

Ndiye munthu akandiuza kuti vuto ndi ndalama basi, ine ndimakana. Lamulo lilipo kale: Civil Protection Act ya 1989, yokhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi, inakhazikitsa makomiti kuyambira kulikulu, m'zigawo mpaka m'maboma. Chimasowa ndi munthu mmodzi amene onse avomereza kuti akanena, chanenedwa. Misonkhano yogwirizanitsa mabungwe imachitika, inde, koma anthu akamakumana koyamba odwala ali kale pamabedi kuchipatala cha Beatrice Road, theka la tsiku limathera kudziwana maudindo. Kolera atabwereranso ku Glen View ndi Budiriro mu September 2018, ndinadzifunsa kuti pa zaka 10 zonsezo ndani anakhala pansi kugawa ntchito za dera lathu.

Chondiwawa n'chakuti ife zimenezi timazidziwa. Makolo athu ochokera ku Malawi, amene anadzagwira ntchito kuno, anayambitsa magulu othandizana pamaliro. Zovuta zikagwa ku Mabvuku kapena ku Mbare, palibe amafunsa kuti bokosi agula ndani, nkhuni abweretsa ndani, uthenga kumudzi atumiza ndani. Zinagawidwa kale anthu ali bwinobwino, ndipo tcheyamani akalankhula msungichuma satsutsa pakhomo la anamfedwa. Akatsutsana, n'kumsonkhano wa mwezi wamawa.

Tsono muchite chiyani?

Pitani panopa, mvula isanayambe, mukaonane ndi khansala wanu ndi anamwino a pakiliniki, mufunse amene amatsogolera pakagwa mliri m'dera lanu, mutenge nambala yake. Mukhale ndi kaundula mmodzi wa mabanja, okalamba ndi odwala, amene aliyense wobwera muzimupatsa yemweyo. Ndipo komiti yanu isankhe ntchito imodzi, kaya yoyang'anira mijigo, iwauze onsewo kuti imeneyo ndi yanu.