Chingerezi mukuchidziwa, nanga bwanji m'kalasi mwangoti zii?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina ku England. Akuti MSCE Chingerezi anakhoza bwino, pa IELTS (mayeso a Chingerezi amene mayunivesite akunja amafuna) anapeza 7, koma aphunzitsi amulembera kuti satenga nawo mbali pa zokambirana za m'kalasi. Ndiye akufunsa ngati Chingerezi chake n'choperewera.

Ayi achemwali, sichoperewera. Munthu wopeza 7 pa IELTS wakhala pamaso pa woyesa kwa mphindi 11 mpaka 14 akuyankha mafunso, ndipo wamveka. Chikukusautsani ndi mwambo wa kayankhulidwe ka kumeneko, umene palibe anakuphunzitsani.

Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sadula mawu munthu wamkulu. Amadikira amalize, padutse kamphindi, kenako n'kuyamba ndi "zikomo". Tikakhala ndi anzathu timalandizana mawu msangamsanga ngati wina aliyense, koma aphunzitsi timawaika m'gulu la akuluakulu. Ku Britain ophunzira amayankhula ndi mphunzitsi mmene amayankhulira ndi mnzawo, ndiye kamphindi mukudikirako sikafika. Ofufuza amene anayerekeza zinenero 10 mu 2009 anapeza kuti pakati pa funso ndi yankho nthawi zambiri sipadutsa ngakhale theka la sekondi. Inu mwamva funso, mwakonza yankho m'mutu, mwaunika galamala, mwayang'ana ngati wina akufuna kuyamba. Pofika apo masekondi atatu atha ndipo nkhani yapita kwina. Aphunzitsiwo nawonso ali ndi mlandu. Mary Budd Rowe, wofufuza za maphunziro wa ku America, anasonyeza kalekale, m'zaka za m'ma 1970, kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu ophunzira ambiri amayankha, mayankhonso amatalika. Mphunzitsi amene ali ndi ophunzira ochokera ku Malawi, China ndi Nigeria m'kalasi imodzi koma osadziwa zimenezi, ulesi ndi wake.

Komabe gwero lenileni lili kwathu, ndipo pano sindinyengerera. Sukulu zathu zimaphunzitsa Chingerezi cholembera mayeso. Pa MSCE pali galamala, chimangirizo, kufupikitsa nkhani ndi mabuku, koma palibe pepala loyesa kuyankhula. Chimene MANEB sifunsa, mphunzitsi wa Fomu 4 sataya nacho nthawi, ndipo sindingamudzudzule. Kupulayimale, m'kalasi ya ana oposa 100, njira yokhayo ndi yoyankhira pamodzi. "Tili limodzi?" "Eeee!" Mwana amafika Sitandade 8 asananenepo yekha ziganizo zitatu zotsatizana za m'mutu mwake. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ngati kuti vuto linali kuchedwa kuyamba. Kuyamba msanga sikuthandiza ngati mwanayo ntchito yake ndi kukopera za pabolodi. Onjezani chilango cha wogwidwa akuyankhula Chichewa, ndi kuseka kwa kalasi yonse wina akaphonya mneni. Mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi: ukakhala chete sulakwa. Akakula n'kukwera ndege, aphunzitsi a kumeneko akaona wangokhala duu amaganiza kuti sanawerenge.

Maso nawonso. Kuyang'ana pansi poyankhula ndi wamkulu kwathu ndi ulemu, kumeneko amati ukubisa kanthu kapena sukumvetsera. Simukuyenera kumutong'olera munthu maso, ingomuyang'anani kumaso mukamayamba ndi pomaliza chiganizo. Za mayina, pulofesa akakuuzani kuti muzimutchula dzina lake loyamba, akunenadi zoona. Mukapitiriza "Sir" ndi "Madam" iye amamva ngati mukumutalikira.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale anamwino athu m'zipatala za kumeneko. Munthu akafunsa kuti "Simunadye?" ife timati "Eya", kutanthauza kuti zoona, sindinadye. M'Chingerezi akafunsa "Haven't you submitted?" inu n'kuyankha "Yes", iye amva kuti mwapereka kale. Musamayankhe mafunso otere ndi liwu limodzi. Nenani chiganizo chonse: "No, I haven't."

Ndipo musakhulupirire zoti azungu onse amanena zinthu mosapsatira. Angerezi amazungulira kuposa ife. Mphunzitsi akalemba pa ntchito yanu kuti "You might want to look at this again", sakukupatsani ufulu wosankha, akuti konzani. "That's interesting" nthawi zina ndi kukana kwaulemu. Mnzanu wa ku Netherlands kapena Germany m'kalasi momwemo angakuuzeni poyera kuti mfundo yanu ndi yolakwika, kenako n'kukuitanirani khofi. Sanakutukwaneni.

Polemba ndiye pamagwa anthu ambiri. Kwathu kubweza mawu a aphunzitsi monga momwe analili kumapatsa malikisi. Kumeneko kulemba mawu a wina osamutchula ndi mlandu wakuba nzeru, ndipo mayunivesite ambiri amadutsitsa ntchito mu Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza mawu okopera. Amafuna munene amene ananena, kenako muonetse pamene mukugwirizana naye ndi pamene mukusiyana naye. Kutsutsa buku losindikizidwa kumaoneka ngati mwano kwa ife, koma malikisi apamwamba ali pomwepo.

Nanga muchite chiyani sabata ikubwerayi?

Usiku woti mawa kuli kalasi, lembani funso limodzi ndi mfundo imodzi kuchokera pa zomwe mwawerenga, ndipo muziyankhule mokweza kawiri. Mukalowa, yankhulani m'mphindi 10 zoyambirira nkhani isanathamange, chifukwa mukachedwa mfundo yanu wina ainena. Sungani timawu togwirira malo: "Can I come in here?" polowa, "Let me think for a second" pogula nthawi, "I see it a bit differently" potsutsa. Yambani kutinena yankho lisanapse m'mutu, galamala ikupezani m'njira. Tsiku lililonse dzijambuleni pafoni mukuyankhula mphindi 2 pa mutu umodzi, monga gawo lachiwiri la mayeso oyankhula a IELTS, ndipo pomvetsera muwerenge malo amene munaima, zolakwa zisiyeni. Aphunzitsi amakhala ndi maola olandira ophunzira ku ofesi. Pitani, muwauze kuti mumafuna masekondi angapo musanayankhe, ndipo muwapemphe kuti azikutchulani dzina kamodzi pa kalasi iliyonse mpaka mutazolowera.