Raleigh ya atate anuyo isayandikire makina owotcherera

Ayi ayi akulu, inu amene mwafunsa mu gulu lino chochita ndi njinga yakale ya atate anu, imani kaye. Awa akukuuzani mu makomenti kuti kaipatseni owotcherera amange ekiselo ya mapedulo kenako muipopere penti yatsopano musawamvere olo pang'ono, ine ndangowerenga mtima wachita kuti phwii chifukwa ndi nzeru yomweyo imene inandiphera njinga. Raleigh ya malemu atate anuyo, ya mahandulo opindikira pansiyo, pedulo kugwedera ndi chishalo kukana kutsika si matenda ofuna moto ayi.

Yanga inali Peugeot ya m'ma 1970, yoyera, ya kamkango kutsogolo, anandisiyira amalume. Iwo anali aphunzitsi cha ku Chadiza uko, anaigula kwa bambo mfumu wina mzungu amene ankabwerera kwawo. Nthawi imeneyo Chipata yonse ndi njinga za Eagle za pa fakitale ya Luangwa Industries ndi ma Phoenix okhaokha, amalume akalowa mu tauni pa kanjinga koonda matayala kaja ana ankachita kuthamangira kumbuyo. Vuto lake pomwe imafika kwa ine linali laling'ono chabe, pakati paja pozungulira mapedulo pankalira gwede gwede, mabolo, timipira tachitsulo ta mkatimo, anatha, girisi anauma. Basi.

Ndinaipereka kwa mkulu wina wokonza njinga, dzina sinditchula koma akudzidziwa, ngati ali mu gulu lino awerenge. Ndinamuuza bwinobwino kuti tsegulani, tsukani ndi palafini, ikani mabolo atsopano ndi girisi, china chilichonse osakhudza, mukaona chovuta mundiimbire foni. Iye amvekere amdala musade nkhawa, ife njinga tinabadwa nazo.

Tsiku lokatenga kunali kotentha kwa mu Okutobala kuja, ndafika pamalo pake ndikuyang'ana uku ndi uku njinga yanga sindiiona. Ndinaidutsa anthuni, ndinadutsa njinga ya amalume osaizindikira. Anaitsamiritsa pa mtengo wa mango, yabuluu, penti ija amapaka pa mageti, ikadali yonyowa moti fumbi ndi tizilombo zinali zitamatirira kale. Penti pa masipoko, penti pa tcheni, penti mpaka pa tayala. Kutsogolo pomwe panali kamkango panatsala timabowo tiwiri ndi chipsera cha chizilo. Ndinagwada pansi pomwepo pa dothi kuti ndione kunsi, apo ndiye mawondo anafooka. Kapu ya kumanja, kambale kachitsulo ka mazinga kogwira mabolo a ekiselo, anaiwotcherera ku felemu, zibuluma zakuda zachita kuunjikana kuzungulira ponse, paipi yochokera kutsogolo ija inabooka ndi moto nde anatseka ndi phala lija amamata pa galimoto zogundidwa, ndikakanikiza ndi chala likulowa. Kapu ya kumanzere inalowa chopendekera, theka lili panja, m'mphepete mwake tizitsulo tonyezimira ta mazinga ometeka tili mbwee. Ndinazungulitsa pedulo ndi dzanja, inayenda theka n'kuima.

Kamnyamata komuthandiza ndi kamene kanandiuza zoona, mwakachetechete bwana wake atapita kukagula madzi. Kakuti kapu inakana kumasuka nde anaika bobojani, pa bobojani anaveka chipaipi chachitali, anthu awiri kulendewera pamenepo, itakanabe anatenga hamala, itakanabe anaitentha. Mukudziwa chifukwa chake inakana? Ankaimanga m'malo momasula! Njinga zathu zimene tinazolowerazi kapu ya mbali ya tcheni ili ndi mazinga a kumanzere, umamasula motsata mmene wotchi iyendera. Njinga za ku France za zaka zimenezo makapu onse awiri ali ndi mazinga a kumanja, wamba. Munthu woti njinga anabadwa nazo sanaime olo kamphindi kudzifunsa kuti kodi chikukana bwanji chinthuchi, iye mphamvu basi.

Ndiye sizinathere pomwepo. Mabuleki a Mafac aja, ogwira pakati ndi kawaya kopingasa, kulibe, anaika achitini ofewa oti ukagwira amachita kupindika. Chishalo chachikopa chimene amalume anakhalira mpaka chinatenga maonekedwe a thupi lawo, kulibe, pali chapulasitiki cha masipuling'i. Ndikufunsa zili kuti, akuti zinali zakutha tinataya. Kutaya kuti? Ndionetseni dzala lake ndikafukule ndekha. Ziii. Kenako munthu uja akundiyang'ana m'maso osaphethira akuti muwonjezereko ya penti amdala, simukuona mmene yawalira? Manja anga ankanjenjemera, mawu osatuluka, ndipo anthu anayamba kusonkhana, anyamata onyamula anthu pa njinga aja, wina akuseka akuti njinga ndi njinga mdala bola iyende. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimenecho, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti pachitika choipa. Ndinaikankha wapansi mpaka kunyumba, penti ili m'manja ndi pa buluku. Akazi a amalume atabwera kudzationa ndinaibisa kuseri kwa nkhokwe, sindikanatha kuwaonetsa.

Chishalo chija ndinadzachiona pambuyo pake pa njinga ya munthu wina mu tauni mommuno, ndinachidziwa ndi kachigamba ka kumanzere kamene amalume anasoka okha. Mwini wake anati anagula, ndipo ndikhulupirira anaguladi, wolakwa si iye. Anthu oterewa amadziwa bwino chimene chili ndi mtengo, umbuli amauonetsa pa zako zokha, pa zolowa m'thumba mwawo ndi ochenjera koopsa. Felemu nayo sinakhalitse, inang'aluka pambali penipeni pa chowotcherera chija.

Manje mverani za yanuyo. Musaganize kuti poti ndi Raleigh ya ku England nde zonse za pa msika zilowa. Ma Raleigh ambiri opangidwa ku Nottingham anali ndi mazinga awoawo, 26 pa inchi, pomwe makapu amene mugula mu shopu lero ndi a 24 pa inchi. Ndi maso simungasiyanitse. Kapu imalowa kawiri katatu bwinobwino kenako n'kulimba, ndipo wokonza wosaleza mtima akaona yalimba amatenga chipaipi chija, mazinga onse kuthera pomwepo. Ku foloko kumtunda kuja nakonso chimodzimodzi. Ndiye makapu akale amene alipowo ndi chuma, osataya, osasinthanitsa. Chitsulo chake n'cholimba, nthawi zambiri chimene chimatha ndi mabolo chabe, a kota inchi, 11 mbali iliyonse, pa msika wa Kapata ku Chipata apezeka. Kapu ya mbali ya tcheni musaichotse n'komwe, tsegulani ya kumanzere yokha, tulutsani ekiselo, tsukani mkati ndi kansalu ka palafini kokulunga pa kamtengo. Lamulo langa tsopano ndi lakuti chilichonse cha mazinga chiyambe kulowa ndi zala, chikakana zala sipana isayandikire.

Komanso mwina si mkati n'komwe. Mwati pedulo igwedera, yambani mwaona kotapini, kamsomali ka nati komanga mwendo wa pedulo ku ekiselo. Ikadyeka mwendo wa pedulo umasewera pa ekiselo ndipo munthu amaganiza kuti zonse zatha. Za ku England ndi za 9.5 mm, za ku France 9 mm, pitani ndi yakaleyo m'thumba pokagula. Pochotsa masulani nati ifike pofanana ndi mutu wa mazinga, ikani kapaipi pansi pa mwendowo kuchokera pa simenti kuti nkhonya isapite ku mabolo, kenako menyani kamodzi mwamphamvu, osati kugogoda pang'onopang'ono mpaka ipindike. Yatsopano imafuna kupala pang'ono ndi fayilo mbali yosalalayo kuti ikhale bwino, ndipo ziwirizo ziyang'ane kosiyana, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi, muziyenda ngati mwendo wina ndi waufupi.

Chishalo chokaniriracho chifuna mtima wautali basi. Chotsani bawuti yomanga paipi ya chishalo ku felemu, thirani mafuta omasulira dzimbiri m'mphepete, m'mawa ndi madzulo, masiku angapo, mutembenuzenso njinga miyendo m'mwamba muthire kuchokera mkati ngati mwatsegula kale pa ekiselo. Mangani chishalo china chachabechabe pamwamba muzipotoza nacho, osati chabwinocho. Osamenyera pansi ndi hamala, chimangolowa n'kumatirira kwambiri. Ngati paipi yake ndi ya aluminiyamu imagwirana ndi chitsulo moipa kuposa dzimbiri wamba, pamenepo mpofunika kupirira kwenikweni. Chikatuluka pakani girisi musanabwezere.

Yang'ananinso pa paipi ya pansi pa chishalo ngati pali kachizindikiro kolembedwa Reynolds 531. Ngati kalipo muli ndi chinthu chabwino zedi, mapaipi amenewo anayamba kupangidwa ku Birmingham mu 1935 ndipo njinga zambiri za mpikisano zinamangidwa ndi amenewo. Ambiri ndi opyapyala kwambiri pakati, n'chifukwa chake njingayo ipepuka mukainyamula. Sanawalumikize ndi magetsi ayi, anawalowetsa mu timakolala tija muona pa mfundo n'kuthira mkuwa wosungunula ndi gasi. Makina a mageti ndi mawindo aja amangoboola. Kachizindikiro kameneko, kena ka mbalame ya khosi lalitali kutsogoloko, ndi nambala yodindidwa pa felemu, ndi zimene zimanena kuti njingayi ndi ndani, penti yatsopano ikadutsapo zapita. Penti yakale olo yakalika isiyeni. Sopo, madzi, polishi wa galimoto, mudzadabwa mtundu umene utuluke. Pa zonyezimira pakhala dzimbiri tengani kapepala ka aluminiyamu kokulungira zakudya, nyowetsani, pukutani. Tinati ndi timabawuti tiviikeni mu viniga usiku umodzi, mutsuke, muumitse, mupake mafuta msanga. Chikopa cha chishalo osachithira oilo wa injini monga ena achitira, chimafewa n'kutambasuka osabwereranso.

Matayala ndi pena pomwe anthu amalira. Werengani nambala ya pa tayala lakale, osati kungonena kuti ndifuna lalikulu. 27 x 1 1/4 ndi limu ya 630 mm, 700C za masiku ano ndi 622, ndipo 28 x 1 1/2 za ma Phoenix zija ndi 635. Zitatu zosiyana, palibe lolowa pa linzake, olo wogulitsa alumbire bwanji.

Kunena zoona ine ndinganene kuti musapatse munthu aliyense, chitani nokha pakhonde Loweruka, zida zake si zambiri. Koma pali zina simungathe nokha, kuwongola limu, kuwongola foloko, kuthira mkuwa ngati pali pong'aluka. Funani amdala achikulire, aja anakonzapo ma Humber ndi ma Raleigh kale ma Eagle asanabwere, alipo ndithu m'makomboni umu ndi ku Katete, ena maso anayamba kuvuta koma zala zawo zimamva mazinga. Amene anandithandiza pa njinga ina imene ndili nayo pano ndi wotere, amanunkhiza girisi n'kukuuza kuti muno munalowa madzi. Khalani pompo pamene akugwira ntchito, gulani chakumwa, chezani, osachoka. Jambulani njinga yonse ndi foni musanaipereke, chidutswa chilichonse, iye akuona kuti mukujambula. Chochotsedwa chilichonse chilowe mu thumba lanu olo chikhale chothyoka.

Ndipo zoti zida zonse zikhale za zaka zimene njingayo inapangidwa, ine ndimazikonda koma musafe nazo. Mawaya a mabuleki, marabala ake, tcheni, machubu, ikani zatsopano lero lomwe, rabala wa zaka makumi anayi ndi mwala, ndipo malimu achitsulo onyezimira aja mvula ikagwa sagwira buleki, potsika chitunda cha Kanjala mudzaitana amayi anu. Matayala a 27 akasowa ikani mawilo a 700C, marabala a buleki amangofuna kutsika ndi 4 mm, mabuleki ambiri akale amafika. Kumbuyo kokha yezani mpata, njinga za magiya asanu ndi 120 mm pomwe mawilo atsopano ndi 130, musakankhire mwamphamvu. Njinga zakale za salaula zochokera ku Japan zija ndi mgodi wa zida, chosinthira magiya cha SunTour kapena Shimano chochotsa pamenepo chimagwira bwino kuposa zambiri zoyambirira. Zakalezo sungani mu katoni. Amene muli ndi abale ku Lusaka kapena kutsidya kwa malire a Mwami ku Lilongwe atumeni azisuzumira mu milu ya zitsulo zakutha, makapu a 26 amapezeka pa mafelemu otayidwa.

Mazinga akakhala kuti anaphedwa kale ndi wina atate anu akadali moyo, kuli ma ekiselo ena osafuna mazinga, amamangana okha mbali ziwiri, muitanitse kunja. Zikakanika zonse ndipo felemu ndi yachitsulo wamba chokhuthala, chabwino, kuli bwino iwotcheredwe iziyenda kusiyana n'kuti iwolere kuseri kwa nyumba, koma zimenezo zikhale zomaliza ndipo mulipo inu mwini. Ikani zithunzi pano, cha kunsi kwa ekiselo, cha nambala ya felemu ndi cha m'mbali mwa tayala, musanagule kanthu kalikonse.