Mafunso Anu: Kupereka Katundu wa Msilikali ku Myuziyamu ya Nkhondo

Agogo athu anamenya nawo nkhondo ku Burma ali m'gulu la King's African Rifles. M'bokosi lawo lachitsulo tapezamo mamendulo anayi, jekete ya yunifolomu, kabuku ka malipiro, makalata ndi zithunzi. Banja lagwirizana kuti tizipereke ku myuziyamu. Tiyambire pati, ndipo kodi tiyambe tazichapa ndi kuzipukuta? — Mayi E.M.

Mayi, musachape kapena kupukuta chilichonse. Mankhwala opukutira mkuwa amadya chitsulo pang'onopang'ono, moti mendulo yopukutidwa kawirikawiri imafika posalala, zilembo zake n'kufufutika. Jekete yaubweya ikalowa m'madzi imafota ndi kusuluka, ndipo nambala ya msilikali, yomwe nthawi zambiri inkalembedwa ndi inki mkati mwa chovala, imachokeratu. Tinsalu ta mamendulo, ngakhale tathetheka, musatisinthe ndi tatsopano. Kutha kwaketo ndi mbali ya mbiri yake.

Chachiwiri, zinthuzi musazimwaze. Apa m'pomwe mabanja ambiri amataya chuma osadziwa: wina atenga mendulo, wina zithunzi, kabuku n'kutayidwa poganiza kuti ndi pepala wamba. Komatu kabukuko ndi kamene kamapatsa zinazo tanthauzo. Mamendulo a Britain a Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, monga British War Medal ndi Victory Medal, ankadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali m'mphepete mwake. Koma ambiri a Nkhondo Yachiwiri, monga Burma Star ndi War Medal 1939–1945, ankaperekedwa opanda dzina. Burma Star yokhayokha siuza munthu kuti anaivala ndani, ndipo myuziyamu zazikulu zili nawo ambiri otere. Ikakhala pamodzi ndi kabuku kokhala ndi nambala ya agogo anu, chithunzi chawo ndi kalata yolembedwa kunkhondoko, ndiye kuti mwapereka mbiri ya moyo wa munthu, ndipo ndi chimene akatswiri amasakasaka.

Tsono chitani izi. Yalani nsalu yoyera patebulo, sambani m'manja n'kuumitsa bwino, ndipo jambulani chinthu chilichonse kumaso ndi kumbuyo, rula ili pambali kuti kukula kwake kuoneke. Jambulaninso pafupi malo onse olembedwa kapena odindidwa. Lembani mndandanda: chinthucho n'chiyani, n'chachikulu bwanji, chawonongeka pati. Kenako lembani tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza mwini wake: dzina lonse monga linkalembedwera ku usilikali, nambala, batalioni, zaka zomwe anagwira ntchito, komwe anapita, ndiponso manja amene katunduyu wadutsamo kufikira kwa inu. Siyanitsani zimene zili pamapepala ndi zimene munangomva kwa akuluakulu. Zonse ziwiri n'zofunika, koma zisasakanikirane. Ngati alipo wachikulire yemwe amazindikira nkhope za m'zithunzimo, khalani naye sabata ino, ndipo mayinawo muwalembe papepala lapadera kapena kumbuyo kwa chithunzi ndi pensulo yofewa, osati bolopeni.

Mukatero, lemberani myuziyamuyo kalata kapena imelo, n'kuikamo zithunzi ndi mndandanda uja. Osatumiza katundu kapena kukangomusiya pakhomo asanakuyankheni. Malo ngati Imperial War Museum ku London, yomwe inakhazikitsidwa mu 1917, kapena myuziyamu ya mbiri ya usilikali ya ku Johannesburg, yomwe inatsegulidwa mu 1947, amayamba aunika ngati chinthucho chikugwirizana ndi zimene amasonkhanitsa, ngati alibe kale chofanana nacho, komanso ngati angakwanitse kuchisamala mpaka kalekale. Yankho limatha kutenga miyezi. Ngati myuziyamuyo ili kunja kwa dziko lanu, funsaninso za chilolezo chotulutsira zinthu zakale, chifukwa mayiko ambiri ali ndi lamulo lotere.

Podikira, tulutsani zonse m'bokosi lachitsulolo, chifukwa dzimbiri limadetsa nsalu ndi mapepala. Sungani pouma, pamthunzi, potalikirana ndi khoma lachinyezi. Musamate selotepi pa kalata yong'ambika, ndipo musaimate m'pulasitiki ndi makina otentha aja, chifukwa zikatero sizibwezeka. Mukaona timabowo ndi tizinthu tonga mchenga pajekete, ndi njenjete zimenezo: ikulungeni m'thumba la pulasitiki lotseka bwino, ilekanitseni ndi zina, ndipo muwauze a myuziyamu. Iwo amapha tizilomboto poziziritsa chovalacho pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kapena iwiri, chikadali m'thumba.

Tikapereka, kodi zinthuzo azidzaziika poti anthu aziona? Nanga mdzukulu wina akadzazifuna tingazitengenso? — Bambo J.K.

Bambo, yankho la mafunso onse awiri lingakukhumudwitseni, choncho ndi bwino mulidziwe musanasaine. Myuziyamu zambiri zimaonetsa kagawo kochepa chabe ka zomwe zili nazo. Zotsalazo zimakhala mosungira, momwe ofufuza ndi achibale amakaziona atapangana tsiku. Nsalu, makalata ndi zithunzi zimasuluka ndi kuwala, choncho ngakhale zikaonetsedwa zimaikidwa powala pang'ono, pafupifupi ma lux 50 (lux ndi muyezo wa kuwala), ndipo pakapita nthawi amazichotsa. Ndi chifukwa chake myuziyamu yodalirika siilonjeza kuti katundu wanu adzakhala pagalasi mpaka muyaya.

Pa za kutenganso: mukasaina chikalata chopereka, umwini wachoka m'manja mwanu, basi. Chinthucho chimapatsidwa nambala yake m'kaundula, kawirikawiri yoyamba ndi chaka chomwe chalandiridwa. Nambalayo isungeni pamodzi ndi kope la chikalatacho, popeza ndi imene ana anu adzatchule akafuna kukaona. Wosaina ayenera kukhala mwini weniweni. Ngati ndi katundu wamasiye, onse oyenera kulandira avomereze polemba, apo ayi mkangano umadzabuka pambuyo pake myuziyamu ili pakati. Werenganinso ndime yonena zomwe adzachite akadzaona kuti chinthucho sachifunanso: adzachipereka kwina, kapena adzayamba adziwitsa banja?

Njira ina ndi kubwereketsa kwa nthawi yodziwika, koma myuziyamu zimavomera zimenezi makamaka pamene chinthucho chikufunika pa chionetsero china chake. Ngati mtima wa banja udakali pawiri, musafulumire. Perekani kaye makope a makalata ndi zithunzi, ojambulidwa pa sikana pa 600 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi), ngati iwo angalandire.

M'katundu wa malemu amalume muli bomba la m'manja lomwe akuti linatha mphamvu, zipolopolo zingapo, kampasi ndi chophimba kumaso choteteza ku mpweya wapoizoni. Ndingazinyamule kupita nazo? — Bambo S.P.

Ayi ndithu. Bombalo ndi zipolopolozo musazigwire, musazisunthe, musayese kuzitsegula. Chotsani anthu pafupi ndipo dziwitsani apolisi, omwe amaitana akatswiri a mabomba. Mawu akuti "linatha mphamvu" si umboni. Onga wakale sudalirika, ndipo wina umafika pophulika ndi kugwedezeka pang'ono chabe. Palibe myuziyamu ingalandire chida chotere popanda umboni wolembedwa woti katswiri anachichotsa onga. Mfuti nayonso imadzera ku malamulo a zida a dziko lanu, ngakhale ikhale yadzimbiri chotani.

Zinazo n'zoopsa mwakachetechete. Makampasi ndi mawotchi ambiri a asilikali a nthawi ya nkhondo ziwirizo ankapakidwa utoto wa rediyamu, chinthu chotulutsa mphamvu yoopsa yosaoneka ndi maso, kuti aziwala usiku. Utotowo unasiya kuwala kalekale, koma rediyamuyo ikadali ndi mphamvu, popeza zimatenga zaka 1,600 kuti itsike ndi theka. Choopsa kwambiri ndi fumbi lake likalowa m'thupi. Musatsegule galasi la kampasiyo, ndipo ngati n'losweka ikani m'thumba lotseka, sambani m'manja, musaisunge kuchipinda chogona. Chophimba kumasocho musachivale n'komwe, ndipo ana asaseweretse: masefa ambiri a Nkhondo Yachiwiri ali ndi asibesitosi, yemwe amayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Chikulungeni m'matumba awiri. Ngati mulinso filimu yakale ya 35mm yopangidwa 1951 isanafike, ingakhale ya naitireti, yomwe imayaka moto wovuta kuzimitsa. Zonsezi zitchuleni m'kalata yanu yoyamba.

Makalata a bambo anga muli nkhani za m'banja. Ndikapereka, kodi akhoza kuwasindikiza mmene afunira? — Mayi L.C.

Kukhala ndi pepala n'kosiyana ndi kukhala ndi ufulu wa mawu olembedwapo. Ufuluwo umakhala wa wolemba, ndipo akamwalira umapita kwa olowa m'malo mwake kwa zaka zomwe lamulo la dzikolo linaika. Chikalata chopereka chimakhala ndi ndime yapadera yofunsa ngati mukuperekanso ufuluwo kapena mukungowalola kugwiritsa ntchito. Mukhoza kupempha kuti makalata ena atsekedwe kwa zaka zingapo, makamaka otchula anthu omwe akadali moyo. Chimene tikukupemphani n'chakuti musang'ambe tsamba kapena kudetsa mzere uliwonse. Kambiranani nawo, mugwirizane polemba.

Myuziyamu yakana lupanga lomwe agogo analanda kwa mdani. Chifukwa chiyani? — Bambo H.D.

Kawirikawiri zifukwa zimakhala ziwiri: ali nawo kale ambiri otere, kapena palibe cholembedwa chosonyeza komwe linatengedwa ndi mmene linatengedwera. Myuziyamu zimasamala kwambiri ndi zinthu zomwe mwina zinachotsedwa m'nyumba za anthu wamba, m'malo opembedzera kapena pa mtembo. Afunseni chifukwa chenicheni, ndipo apempheni akulozereni kwina. Myuziyamu ya gulu lomwe agogo anu ankagwiramo ntchito nthawi zambiri imalandira zomwe yaikulu yakana, ndipo makalata ndi zithunzi zimakhalanso bwino ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma kapena za yunivesite.