Kamera yosaphethira ya mu Children of Men

Achimwene, mwafunsa ngati filimu ya Children of Men anaijambula mosasamala, poti kamera ikungogwedezeka, mitundu ndi yotuwa, ndipo pena magazi akuoneka atadonthera pagalasi. Mukukayikanso kuti mwina anakuikirani yoonongeka. Ayi, yanuyo ilibe vuto. Zonsezo anachita dala.

Filimuyi inatuluka mu 2006. Anaitsogolera ndi Alfonso Cuarón, ndipo wogwira kamera anali Emmanuel Lubezki, onse a ku Mexico. Nkhani yake ikuchitikira ku Britain mu 2027, patadutsa zaka 18 popanda mwana wobadwa padziko lonse.

Bwererani poyambirira penipeni. Theo, mwininkhani wa filimuyi, akugula khofi mu London, anthu ataunjikana pa TV kumvera za imfa ya munthu yemwe anali wamng'ono kuposa onse padziko. Iye alibe nazo ntchito. Akutuluka, kuima m'mbali mwa msewu, kuthira mowa mu khofi muja, kenako phuu! Malo omwe wangotulukamo aphulika. Kuchokera mkati mpaka panja chithunzi sichinadulidwe. Mafilimu ambiri amadula pakangopita masekondi ochepa, ndipo kudulako kumatipumitsa, kumatikumbutsa kuti ndi sewero chabe. Cuarón amakumanani mpumulo umenewo. Anthu a m'dziko lija alibe kothawira, ndiye inunso musakhale nako.

N'chimodzimodzi m'galimoto muja. Kwa mphindi pafupifupi 4 kamera ili mkati, ikutembenukira uku ndi uku. Theo ndi Julian, mkazi wake amene anasiyana naye, akuseka, akulavulirana kampira mkamwa ngati ana. Posakhalitsa galimoto yoyaka moto yatseka msewu, anthu abuka m'tchire, Julian waomberedwa pakhosi. Kuseka ndi imfa zakhala m'chithunzi chimodzi. Kuti zitheke anachita kuikonza mwapadera galimotoyo, kamera n'kumayendetsedwa kuchokera padenga.

Koma ine chomwe chimandigwira mtima ndi china. Kamera imeneyi ndi yosamvera. Nthawi zina imamusiya Theo azipita, iyo n'kutsalira kuyang'ana zomwe iye wazilambalala. Pa siteshoni ya sitima othawa kwawo atsekeredwa m'makola a waya, apolisi ndi agalu ali pompo, gogo wina akudandaula m'chinenero chake, ndipo anthu akungodutsa ngati palibe chachilendo. Ku kampu ya othawa kwawo ya Bexhill kamera ikutembenukira kwa mayi amene wafungatira mtembo wa mwana wake pamsewu. Palibe amene amaima n'kutifotokozera kuti boma ili ndi lankhanza. Nkhanzazo anaziika kumbuyo kwa chithunzi, komwe munthu wozolowera zoipa sayang'anako. N'chifukwa chake ndimati kuionera pa foni n'kudzimana, theka la nkhani limathera m'kona.

Za kutuwa mwanenazo, taganizani. Filimu ya m'tsogolo timayembekezera zonyezimira, koma muno magalimoto ndi akale, makoma ndi akuda, zinyalala zili mbwee. Ndani angapente nyumba kapena kupanga chatsopano pomwe palibe womusiyira? Sukulu ya pulayimale ija yasanduka bwinja, mpaka nyama ya m'tchire ikuthamanga m'khonde.

Tsono magazi aja. Ali mu chithunzi cha nkhondo ya ku Bexhill, chomwe chimatenga mphindi zoposa 6. Cuarón anafotokozapo kuti atadonthera pagalasi iye anakuwa kuti aimitse, koma mawu ake anamira m'phokoso la bomba, ojambula n'kupitiriza. Anawasiya momwemo, ndipo anachita bwino, chifukwa amakupangitsani kumva ngati mukuonera mtolankhani akuthawa zipolopolo. Ndivomereze kuti pena kugwedezekako kumanyanya, ena amamva nako chizungulire.

Mukadzaibwereza mutchere khutu pomwe Theo ndi Kee, mtsikana wothawa kwawo amene wangobereka kumene, akutsika masitepe ndi khanda lakelo. Mfuti zija zonse zii. Kukungomveka kulira kwa mwana ndi nyimbo yapansipansi, asilikali akupatuka, ena akugwada n'kulemba chizindikiro cha mtanda. Ena mwa iwo ndi anyamata oti khanda sanaliwonepo chikhalire. Asanapite n'komwe patali, bomba lina lalira, ndipo onse atembenuka n'kuyambiranso kuomberana.