Za sikani ya khutu ija

Eee asisi, ndaumva uthenga wanu. Mwati CT, sikani ija yaonetsa ngati kafupa ka m'khutu mwanu kabooka, imanama kapena ayi? Koma inu ndimakudziwani, chakusowetsani tulo ndi opaleshoni imene dokotala wa ku Joniyo watchula. Paja inu jakisoni weniweniyu munkamuthawira kuseri kwa nkhokwe!

Dikirani kaye. Mukuwakumbuka amalume a kuchigayo? Pamaliro a agogo paja, ng'oma ya akwaya itangolira, iwo chizungulire, khu pansi. Anthu amvekere aledzera. Chonsecho mowa anali atasiya... ayi, anasiya chaka chotsatira, koma tsiku limenelo sanalawe, ndinali nawo ine. Ankati akamayenda mapazi awo amamveka m'mutu, di di di. Chimanga chokazinga anachileka, ati akamatafuna phokoso lake silipiririka. Kutchalitchi ankakhala kukhomo, thonje lili m'khutu. Azakhali mpaka anagulitsa mbuzi yamawanga ija, ulendo kwa sing'anga, n'kubwerako ndi mphini kuseri kwa khutu basi. Palibe anawatengera kokayezetsa. Zimandiwawabe.

Ndiye mukamati mumadzimva mawu anu akulira m'mutu, ngakhale maso akamatembenuka mumawamva, ine ndikukukhulupirirani. Matendawa alipo, anawafotokoza dokotala wina, Lloyd Minor, ali ku chipatala cha Johns Hopkins ku America mu 1998. M'kati mwa khutu muli timapaipi titatu topindika tothandiza kuti munthu asamadzandire. Kafupa kophimba kapaipi kapamwamba n'kamene kamabooka.

Tsono apa ndi pamene... mundimvetse bwino. Kafupako mwa anthu ena n'kopyapyala, kosafika ndi 0.1 mm yomwe. Makina amakaphonya, chithunzi n'kuoneka ngati pali bowo pomwe fupa lilipo. Komweko ku Johns Hopkins mu 2000 anaunika mafupa a khutu 1,000 a anthu omwalira: obookadi anapezeka 5 okha, opyapyala 14. CT imatha kukuza nkhani, makamaka akajambula modula mokhuthala, 1 mm. Afunseni ngati yanuyo inali ya 0.5 mm, komanso ngati anatembenuza chithunzi kutsata mmene kapaipiko kagonera.

Chithunzi chokha sichigamula mlandu, asisi. Akuyezeninso kamvedwe, ndi kuyeza kwina kuja kwa VEMP, koika timawaya pakhosi kapena pansi pa maso uku akukulizirani phokoso m'khutu. Zitatu zigwirizane: zimene mukumva m'thupi, chithunzi, ndi zoyezazo.

Mwandimva? Musasaine za opaleshoni chifukwa cha chithunzi chokha. Ndipo ngakhale bowo litapezekadi, ambiri amangopewa phokoso, mpeni ndi wa amene zawafika pakhosi. Komanso musakhale pakhomo ngati amalume, ayi, bwereraniko.

Ndibwereze, poti inu mumamvera uthenga uku mukupika: chithunzi pachokha ayi, VEMP kaye. Pepala la zotsatiralo mulijambule munditumizire, mbali zonse ziwiri.